Mayi Adyo ndi Thanki Nambala Seveni

Pakampani yoswetsa nsomba ija panalibe amene ankamutchula dzina lake la pa chiphaso. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka kalaliki wa mu ofesi, onse ankati Mayi Adyo. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma mwini wake analitola n'kulivala, mpaka tsiku lina analilemba yekha ndi penti pa majombo ake kuti asamasokonekere ndi a anzake.

Fungo ndilo linamupatsa dzinalo. Linkakhala m'zikhadabo, mu ovolosi, ngakhale m'tsitsi. Akakwera minibasi, anthu ankatsegula mawindo mwakachetechete. Amuna ake, omwe anali telala, ankati wotchi alibe nayo ntchito: akangomva fungolo pakhonde amadziwa kuti nthawi yovundikira makina yakwana.

Anali atagwira ntchito pamenepo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Analowa ngati wotsuka matanki, kenako anakhala wodyetsa nsomba, kenako woyeza madzi ndi kulemba zonse m'kope. Sukulu anailekeza panjira, koma manambala ake ankayenda m'mizere ngati asilikali, ndipo sankafufuta. Akalakwitsa ankangodula kamzere kamodzi pamwamba pake kuti cholakwikacho chizionekabe.

Za adyozi zinayamba chaka chimene kunagwa matenda aakulu. Nsomba zinkatuluka zilonda m'mbali, zipsepse zikunyenyeka, ndipo m'mawa uliwonse ankazipeza zitayandama mimba m'mwamba. Mankhwala amene ankathira m'chakudya chaka ndi chaka anayamba kugwira mwaulesi. Mlangizi wina wa za nsomba amene anabwera kudzaona vutolo anaiwala kabuku pa benchi. Kabukuko kankanena kuti kwina anthu akuyesa kusakaniza zomera m'chakudya cha nsomba, monga adyo, jinja ndi masamba a chammwamba, kuti thupi la nsombayo lizitha kudziteteza lokha. Mayi Adyo anakawerenga kanayi, chala chili pamzere. Atatero anapempha matanki awiri akale, ong'aluka milomo, omwe anali kuseri kwa nyumba yosungira katundu. Bwana wa nthawi imeneyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Tengani, mayi. Mukathiremo ndi anyezi yemwe, zizituluka zokazinga kale."

Zaka zisanu anakhala akusenda adyo, kuyanika pa lata pamthunzi, kusinja, kusefa, kusakaniza ndi timafuta kuti ufawo umatirire ku timibulu ta chakudya. Anzake ankamuseka, iye n'kumalemba.

Kenako kunabwera manijala watsopano, munthu wachinyamata, wa mapepala ambiri ndi nsapato zosadziwa matope. Aliyense ankaganiza kuti ameneyu ndiye adzagwetsa matanki awiri aja. Koma Manijala anapempha makope onse asanu ndi anayi, anawawerenga sabata yathunthu, n'kumuitanitsa.

"Mayi, mukudziwa kuti zimene mwakhala mukuchita kuseri ukozi, anthu amatengera madigiri?"

Anamupatsa matanki khumi ndi awiri atsopano m'shedi yaikulu, sikelo yamagetsi ndi kiyi wakewake. Tsiku limenelo Mayi Adyo anakalowa m'bafa la ogwira ntchito n'kulira pang'ono, madzi a pampopi akutuluka kuti wina asamve.

Kuyesako anakukonza bwino. Thanki iliyonse inalandira tinsomba zana limodzi. Matanki anayi oyamba ankadya chakudya wamba. Anayi otsatira, kuyambira faifi mpaka eyiti, ankadya chothira supuni imodzi ya ufa wa adyo ndi chammwamba pa kilo iliyonse. Anayi omaliza ankadya chothira masupuni anayi. Panapita miyezi itatu. Nyengo yozizira itafika, matenda aja anabwera okha monga mwa chizolowezi chawo, ndipo kope linayamba kulankhula.

M'matanki a chakudya wamba munafa nsomba pafupifupi makumi atatu pa zana lililonse. Mu faifi, sikisi ndi eyiti munafa khumi, khumi ndi ziwiri, zisanu ndi zinayi. Kukula kwake zinkaposa zinzake pang'ono chabe, kusiyana kofuna sikelo, osati maso. Za masupuni anayi zinkalavula chakudya, ndipo zinatsala zowonda, mitu ikuluikulu ngati ana odwala. Ndiye panali seveni. Seveni inkadya supuni imodzi ngati zinzake, koma matenda anailowa msanga ndi mwaukali. Mayi Adyo anawonjezera adyo, osathandiza. Anasintha madzi, osathandiza. Zinafa makumi asanu ndi ziwiri, ndipo zotsalazo zinapulumuka chifukwa dokotala wa ziweto anabwera ndi mankhwala.

Mayi Adyo anakhutira nazo zotsatirazo. Chinthu chake chinkagwira ntchito, ndipo tsopano ankadziwa pomwe chimalekezera.

Lachiwiri lina m'mawa Manijala anamuitanira mu ofesi. Pa tebulo panali thumba latsopano la chakudya cha nsomba, lopindidwa.

"Mayi, khalani pansi kaye, mungagwe."

Analitambasula. Mayi Adyo anaona nkhope yake, yaikulu ngati mbale, ikumwetulira, manja atanyamula chinsomba chonona. Pamwamba panalembedwa ndi zilembo zofiira kuti MPHAMVU YA MAYI ADYO. M'munsi munali mizere itatu: Nsomba zikula kawiri. Matenda tsalani bwino. Mankhwala osafunikanso.

Mtima wake unayamba wadumpha ndi chimwemwe, zimenezo sakanakana. Nkhope yake, pa thumba! Koma maso ake anatsika n'kuima pa nsomba ija. Anaizindikira. Mwezi wathawo kunabwera wojambula, ndipo anamuuza kuti anyamule nsomba iliyonse yooneka bwino.

"Bwana, nsomba iyi ndi ya m'dziwe la makolo, zoikira mazira zija. Ili ndi zaka zitatu. Adyo sinamulawepo chibadwire."

"Chithunzi ndi chithunzi, mayi. Anthu amafuna kuona chinthu chosangalatsa."

"Nanga kawiriyu wachokera kuti? M'kope mwanga mulibe kawiri."

"Ndi kalankhulidwe ka malonda."

"Nanga mzere wachitatuwu? Seveni inapulumuka ndi chiyani?"

Manijala anakoka mpando n'kukhala moyandikira, mawu atatsitsa ngati akulankhula ndi azakhali ake. Anati seveni aichotsa mu lipoti, chifukwa zikuoneka kuti pampu ya mpweya inavuta mbali imeneyo. Anati eni kampani aika mtima wawo wonse pa chakudya chimenechi, matumba zikwi zisanu asindikizidwa kale, ndipo Lachisanu sabata yamawa kudzabwera alimi oposa zana kudzachiona. Chomwe chinkafunika kwa iye n'kusaina lipotilo ndi kudzawerenga kapepala kamawu ochepa pamaso pa alimiwo.

"Pampu ya seveni ndi imene imapopanso sikisi ndi eyiti, bwana. Paipi ndi imodzi. Ikanavuta, bwenzi zitafa zonse."

"Mayi, thanki imodzi isatiwonongere chinthu chabwino."

"Thanki imodziyo ndi dziwe lonse la munthu wina."

Manijala anapumira m'mwamba. "Ndani anakupatsani shedi ija? Ndani anawerenga makope anu pamene ena ankakusekani? Ine ndikukukwezani, inu mukudzikokera pansi. Tengani lipotili, mukaliwerenge modekha kunyumba."

Analitenga, chifukwa mawu amenewo anamulasa pomwe panali pofewa. Zinali zoona, munthuyu ndi yekhayo amene anamuyesa munthu wanzeru.

Loweruka masana ali pakhonde akusenda adyo, amuna ake akupalasa makina chapafupi, kunafika njinga yamoto ya achimwene ake. Achimwenewo anali ndi maiwe atatu a nsomba kunja kwa tauni, ndipo m'zaka zonse zija iwo ndiwo ankatsogolera kumuseka. Tsiku limenelo anatsika akuwomba m'manja.

"Mlongo wanga wa ine! Ndakuona pa khoma la sitolo ya zaulimi, chinkhope chonse ichi! Ndinawauza anthu onse kuti uyu tinayamwa bere limodzi. Alamu, mwakwatira munthu wotchuka inu."

"Ine ndinadziwa kale," anatero telala, osadzutsa mutu. "Anthu akhala akumudziwa patali zaka zisanu tsopano. Mphepo ikangowomba."

Atamwa madzi, achimwene anafika pa chimene anadzera. M'dziwe lawo lapakati nsomba zinali zitayamba zilonda. Zinali zitafa kale zokwana ndowa imodzi. Anati anali pafupi kuitana dokotala wa ziweto, koma ataona chikwangwani chija anasintha maganizo.

"Ndiye undipezere thumba limodzi msanga, Lachisanu n'kutali. Ndizithira kawiri muyezo wake kuti zichire mwachangu."

Mayi Adyo anaika mpeni pansi. "Achimwene, imbirani dokotala lero lomwe. Chakudya chija sichichiza nsomba yodwala kale. Chimangothandiza yamoyo kuti isagwe msanga. Ndipo mukachulutsa, zisiya kudya."

"Koma palembedwa kuti mankhwala osafunikanso."

"Palembedwa bodza."

"Bodza, nkhope yako ili pomwepo?"

"Eya."

Achimwene anayang'ana alamu awo, kenako mlongo wawo. Nkhope inasintha. "Ndamva. Ukufuna ndidikire pamzere ngati mlendo. Zinthu zikangoyamba kukuyenderani, abale mumawaona ngati opempha."

"Si choncho, achimwene."

"Zaka zonsezi umatiuza kuti adyo, adyo. Lero ndabwera ndekha kudzakhulupirira, ukuti ayi. Ndiwe munthu wotani iwe?"

Analiza njinga yawo n'kupita osatsanzika. Mayi Adyo anatsala pakhonde, makoko a adyo ali mbwee pa chitenje. Makina a telala anali ataima.

"Mayi a ana," anatero amuna akewo, "ine ndikasoka buluku lothina, mwini wake amabwerera kwa ine, osati kwa amene anagulitsa nsalu. Pa thumba paja pali nkhope ya Manijala?"

"Palibe."

"Basi, ine ndangofunsa." Anapalasanso makina. Patapita kanthawi anawonjezera kuti, "Akakuchotsani, muzidzandithandiza kuika mabatani. Koma muzisamba m'manja kaye, makasitomala angathawe."

Lolemba Mayi Adyo anabweza lipoti lija losasaina. Manijala sanakalipe. Anangoti za lipoti adzakambirana bwino mwambo ukadutsa, chachikulu n'choti Lachisanu adzawerenge kapepala kaja. Mayi Adyo anati adzalankhula. Sananene kuti adzawerenga, ndipo Manijala sanamve kusiyana kwake.

Lachisanu m'mawa Mayi Adyo anapita kwa Chipewa, bambo wachikulire wosoka ndi kutsuka maukonde, amene chipewa chake chinali chisanachokepo pamutu chiyambire ntchito. Anamupempha kuti amuthandize kunyamula ndowa zitatu.

"Za chiyani?"

"Imodzi ya thanki nambala wani, ina ya sikisi, ina ya leveni. Nsomba zisanu zisanu."

Chipewa anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mayi, ine kwanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume. Musandilowetse m'zinthu."

"Mungonyamula. Akakufunsani mudzati simumadziwa."

"Nanga ndikudziwa ngati? Ine sindikudziwa kanthu." Ananyamula ndowa ziwiri akung'ung'udza njira yonse, ndipo anaziika kuseri kwa tebulo la alendo, n'kuzivundikira ndi ukonde mosamala kwambiri kuposa mmene anamupemphera.

Pabwalo anali atakhoma tenti yoyera. Matumba aja anawasanja ngati khoma, nkhope makumi anayi za Mayi Adyo zikumwetulira alimi. Alimiwo anadzaza mipando, ena ataima kumbuyo, azibambo a zipewa ndi azimayi a zikwama m'khwapa. Achimwene ake anali pa mzere wachitatu, maso ali kumbali. Kutsogolo kunakhala mkulu wina woimira eni kampani, wa suti yotuwa.

Manijala analankhula bwino, pakuti pakamwa anali napo. Ananena za mayi wosatopa amene anayamba ndi matanki awiri ong'aluka. Anthu anawomba m'manja. Anamupatsa maikolofoni, ndi kapepala kaja pamwamba pake.

Mayi Adyo anaima pamaso pa alimiwo. Anapinda kapepalako kanayi, anakaika m'thumba la ovolosi, n'kutulutsa kope lake.

"Ndikuthokoza bwana chifukwa cha matanki amene anandipatsa. Zimenezo sindidzaiwala. Koma ine ndabwera kudzakuuzani zimene nsomba zinachita, chifukwa ndinalipo tsiku lililonse." Analoza matumba aja. "Mizere itatu ili pa thumbayi si yanga. Nsomba sizikula kawiri. Matenda satsala. Mankhwala akufunikabe."

Pansi pa tenti phokoso linayamba kumbuyo ngati mvula ikubwera. Manijala anadzuka akumwetulira ndi mano okha.

"Amayi athu ndi odzichepetsa kwambiri, tiwawombere m'manja..."

"Sindinamalize, bwana."

Manijala anakodola amene ankayendetsa zokuzira mawu, ndipo maikolofoni inafa. Mayi Adyo anaiyang'ana, n'kuiika pa tebulo bwinobwino. Munthu amene wakhala zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri akuitana anzake pakati pa phokoso la mapampu sasowa waya kuti amveke.

"Akumbuyo mukundimva?"

"Tikumva!" anayankha mayi wina wa duku lobiriwira. "Pitirizani!"

Anavundukula ndowa zija n'kuzikokera kutsogolo. Anaitana aliyense wofuna kuti abwere adzaone. Anthu anazengereza pang'ono, kenako mipando inayamba kusuntha.

"Izi sizinadye adyo. Izi zinadya supuni imodzi pa kilo. Kusiyana mukukuona?"

Bambo wina anawerama, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku. "Ngati zikufanana."

"Zikusiyana pang'ono, pa sikelo. Tsopano onani izi. Izi zinadya masupuni anayi."

"Ii, zowonda chonchi?"

"Ndiye amene akuganiza zothira kawiri kuti zichire msanga, aone bwino ndowa imeneyi." Sanayang'ane kumene kunali achimwene ake. Anatsegula kope n'kuwerenga manambala thanki ndi thanki, osadumpha, mpaka anafika pa seveni. "Makumi asanu ndi ziwiri. Ndinazivuula ndekha ndi manja awa. Zotsalazo anazipulumutsa ndi dokotala wa ziweto, osati ine."

"Ndiye mwatiitaniranji?" anakuwa bambo wina wamtali. "Tasiya ntchito zathu kudzamva kuti chinthu chanu n'chachabe?"

Apa ndiye Mayi Adyo anatentha. "Ndani wanena kuti n'chachabe? Bambo, mwamva bwino manambala? Kopanda adyo zinafa makumi atatu, kwa supuni imodzi zinafa khumi, matanki atatu mwa anayi. Nsomba makumi awiri pa zana lililonse n'zachabe kwa inu? Ine ndanunkha zaka zisanu chifukwa cha nsomba makumi awiri zimenezo! Chinthuchi n'chabwino. Chikuwonongeka ndi kuchinamizira. Mukachigula poganiza kuti ndi mankhwala, nsomba zanu zidzafa, mudzachitaya, ndipo mudzatukwana nkhope iyi. Chiguleni podziwa chimene chili. Muyambe kudyetsa kuzizira kusanafike. Madzi muzisamala monga kale. Mukaona chilonda, itanani dokotala tsiku lomwelo."

"Supuni yake iti?" anafunsa mayi wa duku uja. "Ya tiyi kapena yaikulu?"

"Yaikulu, koma yosefukira ayi. Muzidula pamwamba ndi mpeni."

Mafunso anayamba kugwa mbali zonse. Wina anafunsa ngati adyo wamuwisi angagwire, wina ngati fungo limalowa mu mnofu wa nsomba. Zimene ankadziwa ankayankha, zimene sankadziwa ankati sindinayese. Manijala anayesa kawiri kubweza anthu ku mipando, koma palibe anamumvera. Mkulu wa suti yotuwa anadzuka, ananong'oneza Manijala mawu ochepa, n'kupita ku galimoto yake. Mayi Adyo atadzutsa maso anaona kuti mpando wa achimwene ake uli wopanda munthu.

Tsiku limenelo matumba ena anagulidwa, ambiri anatsala.

Lolemba anamuitanira ku ofesi. Munali Manijala ndi mkulu wa suti uja, ndipo pa tebulo panali kalata yotayipa kale. Inkanena kuti iye, pokhala munthu wosaphunzira mokwanira, sanamvetse bwino zotsatira za kuyesako, ndipo akupepesa chifukwa chosokoneza alimi. Mkuluyo anamukankhira cholembera.

"Mukasaina, tiiwala zonse. Mubwerera ku shedi yanu."

Mayi Adyo anawerenga kalatayo mpaka pansi, chala chili pamzere. "Apa pakuti sindinaphunzire mokwanira, n'zoona. Koma kuwerenga nsomba zakufa sikufuna digiri, bwana. Zimakhala zitangogona, sizithawa."

"Mayi, mukudziwa kuti mwachititsa manyazi kampani?"

"Ndikudziwa. Ndinawauza bwanawa mu ofesi muno, chitseko chili chotseka, sabata yathunthu mwambo usanachitike. Sanandimve."

Manijala anali akuyang'ana pa windo. Analankhula osatembenuka. "Ndinakukhulupirirani, mayi."

"Inenso, bwana. Mpaka lero ndimati ndinu munthu wanzeru. Inu mukudziwa kuti pampu ija sinavute."

Mkulu uja anagogoda tebulo ndi chala. "Musaina kapena ayi?"

"Ayi. Ndipo ndili ndi pempho. Nkhope yanga muichotse pa matumba aja, kapena muchotse mizere itatu ija. Zonse ziwiri pamodzi sizikhala. Mukazisiya, aliyense wondifunsa ndizimuuza zomwe ndinanena Lachisanu."

"Mukutiopseza?"

"Ndikukudziwitsani, kuti musadzati ndinakubisirani."

Sanamuchotse ntchito. Mwina anaopa kuti alimi zana aja amva. Anamulanda kiyi wa shedi ndi sikelo, n'kumutumiza kotsuka maukonde, pansi pa Chipewa. Makope anafuna kuwatenganso, koma iye anati asanu ndi anayi oyambawo anagula yekha, ndipo lakhumi analikopera kale kunyumba, ngati akulifuna atenge. Analitenga.

"Ndinakuuzani," anatero Chipewa pomupatsa bulashi. "Taonani tsopano, ndakhala bwana wa munthu wotchuka. Muzifika nthawi yake, ine ndine wovuta."

Ntchito ya maukonde inali yopweteka msana, ndipo manja ankasuwa ndi madzi. Masiku oyamba ankati akadutsa pa shedi ija n'kumva mapampu akulira, ankafulumira osayang'anako. Patatha milungu itatu anaona matumba akutuluka pageti pa lole, atamatidwa kapepala koyera pa mzere wachitatu. Mizere iwiri ija inalipobe, nkhope yakenso inalipo.

"Umodzi wagwa," anauza amuna ake madzulo ake. "Yatsala iwiri."

"Pa liwiro limeneli," anatero telala akudula ulusi ndi mano, "pofika chaka chamawa patsala nsomba yokha ija."

Achimwene ake anamveka patatha mwezi. Dziwe lapakati linali litatha lonse. Atachoka pa tenti paja anaimbira dokotala ali panjira, ndipo maiwe awiri enawo anapulumuka. Sanabwere kudzapepesa, si anthu opepesa. Anangoimba foni n'kufunsa ngati adyo amayanikidwa padzuwa kapena pamthunzi, ngati kuti dzulo lomwe anali limodzi.

"Pamthunzi, achimwene. Padzuwa amatha mphamvu."

"Chabwino. Alamu ali bwanji?"

Alimi ena anayamba kufika pageti kumufunsa. Woyamba anali mayi wa duku lobiriwira, atatenga ufa wake wa adyo m'kabotolo kuti Mayi Adyo auone ngati wasinjika bwino. Kenako anabwera awiri, kenako asanu. Mlonda ankawalowetsa mpaka kotsukira maukonde, kufikira tsiku limene Manijala anawapeza atazungulira beseni. Mawa lake pageti panakhomedwa chidziwitso choti alendo saloledwa kuonana ndi ogwira ntchito mkati mwa mpanda.

Mayi Adyo anachiwerenga, n'kufunsa mlonda kuti mpanda wa kampani umathera pati.

"Pa ngalande apo, mayi."

"Kutsidya kwa ngalande n'kwa ndani?"

"Ndi msewu umenewo. Wa aliyense."

Belu la nkhomaliro litalira anavula majombo, anavala nsapato zake, anadumpha ngalande n'kukhala pa mwala pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Alimi atatu amene anabwezedwa m'mawa anali akudikira pomwepo. Anatulutsa supuni, mpeni ndi kabotolo ka mafuta m'chikwama, n'kuyala pepala pansi.

Asanayambe, galimoto ya Manijala inatuluka pageti n'kuima pafupi. Galasi linatsika.

"Mayi, chidziwitso chija simunachione?"

"Ndachiona, bwana. Chalembedwa bwino. Ine ndili kunja kwa mpanda, ndipo ola lino ndi langa. Likatha mundipeza pa maukonde."

Manijala anayang'ana supuni, anayang'ana alimi aja, amene nawonso ankamuyang'ana osaphethira. Kenako galasi linakwera, galimoto n'kupita.

"Tinali pati?" anatero Mayi Adyo. "Eya, mafuta. Muyambe mwathira mafuta pa chakudyacho, ufa pambuyo. Mukayamba ndi ufa, wonse utsalira pamwamba pa madzi, nsomba sizilawako n'komwe. Bambo inu, bwerani pafupi, musaope fungo. Gwirani supuniyi muyese nokha."